Mbiri ya Nthenda Zitatu za Ciwindi

Mu ofesi ya Boma mmene ine ndigwira nchito ya ukalaliki munali mnzathu wina amene tebulo lace linayang'anana ndi langa kwa zaka 6. Anali munthu wa zaka 36, wokhala ku Kabwata pamodzi ndi mkazi wace ndi ana atatu, ndipo mowa sanali kuulawa konse, pakuti anali mkuru wa mpingo. Tsiku lina m'nyengo ya dzinja anayamba kudandaula kuti pansi pa nthiti za kumanja panali kumlemera. Ife tinati ndi kutopa cabe, popeza inali nthawi yotseka mabuku a caka. Patapita masabata owerengeka tinaona kuti lamba wace sanali kukwananso m'cuuno, pamene nkhope ndi mikono zinali kuonda, ndipo maso ace anasanduka acikasu. Anamgoneka m'cipatala, ndipo isanathe miyezi 4 tinali kuimba nyimbo za maliro pakhomo pace.

Pa maliro paja ndinamva mau amene ndiwo andicititsa kulemba nkhani ino. Abale ena ocokera kumudzi anali kunong'onezana kuti mwana wao anamdyetsa ndulu ya ng'ona anzace a ku nchito, cifukwa ca mpando umene anali pafupi kuulandira. Anansi ena anati kapena munthuyo anali kumwa mobisa, pakuti iwo anamva kuti ciwindi cimaonongeka ndi mowa wokha. Onsewa ananamizira anthu osacimwa, ndipo mmodzi wa onamiziridwawo anali wakufayo, amene sakanatha kudziyankhira. Pambuyo pace mai wamasiye anandionetsa pepala la ku cipatala, ndipo pa pepalapo panali maina atatu: hepatitis B, cirrhosis, ndi khansa ya ciwindi. Ndinafuna kudziwa ngati awa anali matsoka atatu ogwera munthu mmodzi mwangozi, kapena njira imodzi yokhala ndi zigono zitatu. Zimene ndinapeza ndi mbiri yoposa zaka 100, ndipo mbali yina ya mbiriyo inapezeka m'mwazi wa anthu odwala a muno mu Lusaka.

Tisanalowe m'mbiriyo tiyenera kuyamba tadziwa ciwindi ceni ceni. Ali yense amene anatumbulapo mbuzi adziwa kuti ciwindi cabwino ndi cosalala, cofewa ndi cofiirira. Mwa munthu cikhala pansi pa nthiti za kumanja, ndipo mwa wamkuru cilemera ngati kilogalamu imodzi ndi theka. Nchito zace ndi zambiri: cisefa mwazi wocokera m'matumbo, cipanga ndulu, cisunga cakudya ca thupi, ndiponso cipanga zinthu zimene ziumitsa mwazi pa bala. Cikabvulala cimadzikonza cokha, ndipo sicimva kuwawa msanga. Cifukwa cace munthu angathe kulima, kukwatira ndi kubala ana pamene ciwindi cace ciri kuonongeka, monga mzati wa nyumba umene ciswe ciri kuudya m'kati koma kunja uoneka wolimba.

Hepatitis ndi dzina la kutupa kwa ciwindi. Kutupako kukakhala kwa masabata owerengeka, ciwindi cipola ndi kubwerera mwakale. Koma kukapitirira zaka zambiri, pali ponse pamene pabvulala papola ndi cipsera, monga khungu la munthu wopsa ndi moto. Zipserazo zikacuruka ciwindi cisanduka colimba ndi cokakala, ndipo kuuma kumeneku ndiko cirrhosis, dzina limene sing'anga wa ku France, René Laennec, analipereka mu 1819. Mwazi ubvutika kupyola m'ciwindi couma, cotero madzi adzala m'mimba, miyendo itupa, ndipo nthawi zina mitsempha ya kum'mero iphulika munthu nasanza mwazi. Tsono popeza ciwindi cotere ciri kudzimanganso kosaleka, tsiku lina tizigawo tace tina, timene a cipatala amatitcha maselo, tisokonezeka ndi kuyamba kucurukana kopanda malire. Imeneyo ndiyo khansa. Funso limene linabvuta asing'anga zaka zambiri linali lakuti: nanga cimene citupitsa ciwindi kwa zaka zonsezo mwa munthu wosamwa mowa nciani?

Cizindikiro coyamba cinaoneka ku Bremen m'dziko la Germany mu 1883. Anthu 1,289 ogwira nchito yokhoma zombo analandira katemera wa nthomba wopangidwa ndi madzi otengedwa m'matupi a anthu ena, ndipo patapita miyezi 191 mwa iwo anadwala cikasu. Zoterezi zinacitikanso mu 1942, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene asilikari a America okwana ngati 50,000 anadwala cikasu atalandira katemera wina mmene munasanganizidwa madzi a mwazi wa anthu. Apa asing'anga anazindikira kuti cikasu ciri ca mitundu iwiri, ndipo mu 1947 F. O. MacCallum wa ku England anaitcha mitunduyo A ndi B. Mtundu wa A ulowa ndi madzi kapena cakudya codetsedwa, udwalitsa munthu masabata angapo, nutha osakhalitsa m'thupi. Mtundu wa B uyenda ndi mwazi. Koma kacirombo kace panalibe amene anakaona, ndipo palibenso amene akanatha kutsimikiza kuti kali pa cibale ndi khansa.

Pamene a ku Ulaya anali kulondola cikasu, kuno kum'mwera kwa Africa kunali cozizwitsa cina. Kampani ya Wenela inali kulemba amuna ocokera ku Mozambique, ku Nyasaland ndi ku Barotseland kukakumba golide ku Joni. Amenewa anali anyamata osankhidwa, oyesedwa thupi asanalembedwe, koma asing'anga a pa migodi anaona kuti pakati pao khansa ya ciwindi inaposa makhansa ena onse, makamaka mwa ocokera ku Mozambique. Mmodzi wa asing'angawo, Charles Berman, anasonkhanitsa zimene anaona m'buku limene linasindikizidwa ku London mu 1951. Ku Ulaya khansa yoyambira m'ciwindi inali yosowa, ndipo inali kugwira okalamba. Kuno inali kupha amuna a zaka 20 ndi 30. M'zaka za m'ma 1960 owerenga odwala khansa mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, anapeza kuti nthendayi inacuruka kumeneko koposa malo ena onse amene anawerengedwa pa nthawiyo.

Poyamba ophunzira anakayikira cakudya, ndipo sanalakwe kweni kweni. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cosanganiza ndi nshawa zocokera ku Brazil. Pofufuza anapeza kuti m'nshawazo munali ululu wopangidwa ndi cuku, cija cimera pa mbeu zosauma bwino, ndipo ululuwo anautcha aflatoxin. Ataupatsa makoswe, makoswewo anagwidwa ndi khansa ya ciwindi. Pambuyo pace ophunzira anapita ku Inhambane ku Mozambique kukapima cakudya ca m'mbale za anthu, napeza kuti kumene ululuwu unacuruka, khansayo inacurukanso. Komabe funso silinathe, pakuti anthu a mudzi umodzi adya za nkhokwe zofanana, koma ogwidwa ndi khansa ndi owerengeka.

Yankho lacikuru linabwera mwa njira imene palibe anaiyembekeza. Baruch Blumberg wa ku America sanali kufuna nthenda ya ciwindi konse. Iye anali kusonkhanitsa mwazi wa mitundu yosiyanasiyana ya anthu kuti aone kusiyana kwa cibadwa cao. M'mwazi wa munthu wina wa mtundu wa eni dziko la Australia anapezamo kanthu kacilendo, nalemba za iko mu 1965. Pofika 1967 anazindikira kuti kanthuko kayenda pamodzi ndi hepatitis B, ndipo mu 1970 David Dane wa ku London anaona kacirombo kathunthu ndi makina okuza zinthu. Kanthu ka Blumberg kaja kanali cikopa ca kunja ca kacirombo komweko. Kuyambira pamenepo kunali kotheka kutenga mwazi pang'ono ndi kudziwa ngati munthu ali nako, ngakhale aoneke wamphamvu. Blumberg analandira mphoto ya Nobel mu 1976, ndipo tsiku lace lobadwa, 28 July, ndilo lakhala tsiku lokumbukira nthenda ya hepatitis pa dziko lonse.

Apa mpamene mzinda wathu ulowa m'mbiriyi. Pa University Teaching Hospital panali sing'anga wa opaleshoni, Anne Bayley, amene anafika ku Zambia mu 1971. Iye pamodzi ndi anzace a ku Uganda ndi a ku America anapima mwazi wa anthu 93 odwala khansa ya ciwindi m'maiko atatuwa, ndipo zotsatira zace zinasindikizidwa mu 1977. Oposa theka la odwalawo anapezeka ndi hepatitis B, pamene mwa anthu a mu Africa osadwala khansayo kanapezeka mwa mmodzi pa anthu 10. Odwala aja maina ao sitiwadziwa, ndipo iwo eni sanapindule kanthu, koma mwazi wao unathandiza kutsegula maso a dziko.

Otsutsa anatsalabe, amene anati kapena khansa ndiyo ifooketsa thupi kuti kacirombo kalowe. Kuti mkangano uthe panafunika kuyamba ndi anthu amoyo wabwino ndi kuwatsata zaka zambiri. Nchito imeneyi anaicita R. Palmer Beasley pa cisumbu ca Taiwan, ndipo ine indikhudza mtima cifukwa anthu amene anawasankha anali anchito a Boma monga ine. Kuyambira 1975 anapima amuna 22,707, ndipo 3,454 mwa iwo anapezeka ndi kacirombo. Pamene analemba zotsatira mu 1981, amuna 41 anali atafa ndi khansa ya ciwindi, ndipo 40 mwa iwo anali a m'gulu lija la kacirombo. Mwa otsala oposa 19,000 munafa mmodzi yekha. Kuyambira pamenepo panalibenso cikayiko: kacirombo ndiko kayamba, kuuma kwa ciwindi kutsata, ndipo khansa ibwera potsiriza. Kunadziwikanso kuti hepatitis B, popeza ilowetsa mbeu yace m'kati mwa maselo a ciwindi, nthawi zina ibala khansa ciwindi cisanaume nkomwe.

Nanga cifukwa ninji kuno ipha anthu akali anyamata? Akuru anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nthenda iyi mauwa ndi oona ndithu. Munthu wamkuru akatenga hepatitis B, kawiri kawiri thupi lace likagonjetsa; mwa anthu 100 osakwana 5 ndiwo atsala nako. Koma khanda likatenga kwa mai wace pobadwa, mwa makanda 10 okwana 9 akhala nako moyo wao wonse, ndipo mwana wosafika zaka 5 ali pa ngozi yaikurunso. Mu Africa ambiri akatenga pa ubwana: pobadwa, pa zironda za ana osewera pamodzi, pa lumo limodzi lometera kapena lotemera mphini ana onse a pabanja, ndi pa jekeseni wosaphika. Akuru apatsirananso pogonana. Sikayenda ndi kudyera mbale imodzi kapena kugwirana canza. Cotero munthu amene adwala ali ndi zaka 36 angakhale atakhala nako zaka zoposa 30.

Cimeneci citiphunzitsa kanthu za mzinda wathu. Pamene Lusaka anakhala likuru la dziko mu 1935, Boma la Atsamunda linagawa mzinda monga mwa khungu. Anchito acikuda anawamangira tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ku Kabwata, tina mwa ito tikalipo pa Kabwata Cultural Village m'mbali mwa Burma Road, ndipo pambuyo pace malo onga Woodlands ndi Kabulonga anakhala a Azungu. Titalandira ufulu mu 1964 malirewo anagwa, ndipo lero m'nyumba zazikuru za ku Kabulonga mukhala ana a anthu amene anakulira ku Petauke, ku Matero kapena ku Kabwata komweko. Munthu angasamuke ku komboni kunka ku Chelstone, nacoka ku Chelstone kunka ku Woodlands monga malipiro ace akwera, koma cimene cinalowa m'mwazi wace ali wakhanda asamuka naco pamodzi. Mpanda wa njerwa ndi madzi a m'botolo zitchinjiriza ku kolera, koma pa nthenda iyi sizithandiza.

Mankhwala otchinjiriza anapezeka msanga. Katemera woyamba wa hepatitis B analoledwa ku America mu 1981, ndipo wina wosapangidwa ndi mwazi wa anthu anatsata mu 1986. Taiwan inayamba kutemera makanda mu 1984, ndipo pofika 1997 asing'anga a kumeneko anaonetsa kuti khansa ya ciwindi mwa ana inacepa ndithu. Aka kanali koyamba kuti anthu aone katemera akuletsa khansa. Koma mtengo wace poyamba unali waukuru, ndipo maiko osauka, amene anali kumsowa koposa, anadikira. Kuno ku Zambia katemerayu analowa m'ndondomeko ya ana onse mu 2005, m'jekeseni uja wa nthenda zisanu amene mwana alandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Bungwe la World Health Organization lilangizanso kuti khanda lilandire katemera woyamba asanathe maola 24 litabadwa, pakuti ndiye atseka njira ya kwa mai.

Tanthauzo la caka cimeneci ca 2005 tilimvetse bwino. Ife tonse amene tinabadwa cakaco cisanafike, ndiye kuti pafupifupi onse amene lero ali ndi mabanja, aphunzitsa m'sukulu, ayendetsa mabasi ndi kulemba m'maofesi a Boma, tinakula osatemeredwa. Kafukufuku wa dziko lonse wochedwa ZAMPHIA, wa mu 2016, anapeza kuti mwa anthu a zaka 15 kufikira 59, okwana 5.6 pa 100 ali ndi hepatitis B, pamene mwa ana osapitirira zaka 14 anali 1.3 pa 100. Kunena kwina, mu basi yodzala yocokera ku Chelstone kulowa m'tauni m'mawa mungathe kukhala munthu mmodzi kapena awiri amene ali nako, ndipo kawiri kawiri iwo eni sadziwa. Pa dziko lonse, mu 2022 anthu 254 miliyoni anali nako, ndipo oposa 1 miliyoni anafa nako caka cimeneco.

Pali kacirombo kena, hepatitis C, kamene kanadziwika mu 1989. Nako kayenda ndi mwazi, ndipo kafikitsa munthu pa kuuma kwa ciwindi ndi khansa mwa njira yomweyo. Kuno nkocepa poyerekeza ndi B. Kalibe katemera, koma kuyambira ca m'ma 2014 pali mapiritsi amene akacotseratu m'thupi pa masabata 12. Hepatitis B sicoka kotero, koma pali mankhwala, monga tenofovir, amene munthu amwa tsiku ndi tsiku ndipo akagoneka pansi kuti ciwindi cipume. Pano pali cinthu codabwitsa m'mbiri yathu. Zambia inayamba kupereka tenofovir mu 2007 kwa anthu okhala ndi HIV, pakuti mankhwalawa agwira tizirombo tonse tiwiri. Cotero amene anali ndi HIV pamodzi ndi hepatitis B anathandizidwa pa zonse ziwiri, pamene mnzao wokhala ndi hepatitis B yokha, poona kuti alibe HIV, anapita kwao wokondwa osadziwa kuti pali cina cofunika kupima.

Kacirombo kali ndi athandizi awiri amene afulumiza nchito yace. Woyamba ndi mowa. Mowa pa wokha ukhoza kuumitsa ciwindi, ndipo ukapeza ciwindi cotupa kale uononga mofulumira. Kacasu, ndi timapaketi tija ta tujilijili timene Boma linaletsa mu 2012, zinatengera anyamata ambiri ku manda. Waciwiri ndi cuku uja wa nkhukundembo. Ululu wace sutha ndi kuphika, ndipo ukakumana ndi hepatitis B m'ciwindi cimodzi ngozi ya khansa ikula kopambana. Mu August 2024, caka ca cirala, nduna ya za umoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agaru okwana ngati 400 anafa, ndi kuti ululuwu unapezeka wocuruka mu ufa wina wa cimanga wogulitsidwa m'dziko muno. Agaru anafa msanga ndipo tinawaona. Mwa anthu ululu wocepa ugwira nchito pang'ono pang'ono. Cifukwa cace si nzeru kuwaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe, kapena kusinja nsinjiro ndi nshawa zofota ndi zowawa zimene zatsala posankha, kapena kutenga cimanga cacuku kukafulula mowa.

Lusaka ali ndi cipatala ca khansa, Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007, ndipo cathandiza anthu ambiri. Koma khansa ya ciwindi ikafika poti munthu aimva ndi dzanja pansi pa nthiti, nthawi zambiri asing'anga a dziko liri lonse angathe kucepetsa ululu wokha. Malo opulumukira ali kumbuyo, pa zaka zija 20 kapena 30 zimene munthu ayenda wopanda comupweteka. Kupima kwace nkwa mwazi pang'ono cabe. Wopezeka alibe angathe kulandira katemera, majekeseni atatu. Wopezeka nako sanaweruzidwe kuti afe, pakuti ambiri a iwo akalamba osadwala. Cofunika nkuti aonane ndi sing'anga, amene adzaona ngati ayenera kuyamba mankhwala, ndi kumuunika ciwindi nthawi ndi nthawi. Mai wapakati akadziwa kuti ali nako, mwana wace angathe kutchinjirizidwa.

Mai wamasiye uja anamvera uphungu wa ku cipatala, natenga a pabanja onse kukapimitsa. Ana atatu aja, amene analandira katemera ali makanda, anapezeka alibe. Koma mng'ono wace wa malemuyo, wobadwa mimba imodzi, mnyamata wamphamvu amene sanapondepo mu ofesi yathu, anapezeka nako, ndipo tsopano amwa mankhwala. Mbiri imeneyi itafika kumudzi, nkhani ya ndulu ya ng'ona inazirala, ngakhale palibe amene anabwera kudzapepesa kwa mnzathu amene anamloza cala. Ine ndemwe ndinazengereza miyezi iwiri cifukwa ca mantha, koma potsiriza ndinapita, ndipo ndatsiriza majekeseni anga atatu.

Kwa inu owerenga anzanga, makamaka obadwa 2005 isanafike, pempho langa ndi ili: pamene mupita kukapimitsa mwazi pa cifukwa ciri conse, pemphani kuti akupimeninso hepatitis B. Ngati kwanu kunafa munthu ndi mimba yotupa ndi maso acikasu, musayambe mwafunafuna mfiti; yambani mwatenga abale ace a mimba imodzi, mkazi kapena mwamuna wace, ndi ana ace kunka nao ku cipatala. Safunsa anadya phula. Anyamata a ku migodi ya Joni ndi odwala aja a mu 1977 anafa pa nthawi imene kunalibe cowapulumutsa, koma mnzanga wa ku Kabwata anafa pamene kupima ndi mankhwala zinalipo mu mzinda momwe anakhala, ndipo panalibe munthu amene anamuuza.